Phwete la Amake Mapasa

"Ndati mukandichotsemo m'kanema mwanumo," anatero amake mapasa ataima pakhomo, ndipo thupi lawo silinali loti munthu n'kulizemba cham'mbali.

Mwamuna wawo, wanthabwala wa pa wailesi ya kanema, anali atavala nsapato imodzi, inzake ili m'manja. Anayankha kuti sakuona chokachotsa, poti mkazi wake sanaonekepo pa kanema ngakhale chikhadabo. Chili m'menemo ndi kuseka basi, ndipo kuseka kulibe nkhope, kulibe dzina.

"Kulibe dzina kwa inu. Dzulo mayi wina wagula mazira, ndamukulungira bwinobwino, iye ali chiimire. Ndikuti kwatsala chiyani, akuti tasekaniko pang'ono mwana wangayu akumveni pafupi. Ndasanduka chidole chokanikiza pamimba ine?"

Kunena mosapsatira, phwete la amake mapasa silinali lobisika. Linkayambira pansi ngati galimoto yokana kulira m'mawa, n'kukwera, n'kukwerabe, kenako n'kukathera m'mphuno ndi kamkonono kobalalitsa nkhuku za eni. Bamboyo anakwatira phwete limenelo. Zina zonsezo anangopatsidwa ngati basela. Ndipo ntchito yake inkayenda chonchi: akalemba kasewero, ankayamba kaye kukayesera m'khichini, yekhayekha mbali zonse, mkazi wake akutsuka mbale. Mayiwo akaseka, kasewero kaja kapita ku situdiyo. Akangoti "mh", pepalalo layatsira mbaula. Tsiku lina, mapasa akadali oyamwa, anawatenga mayiwo kuti akaone kuntchito kwake, n'kuwakhazika pafupi ndi maikolofoni, n'kuwaseketsa masana onse mpaka nthiti kuwawa. Iwo ankayesa chikondi. Kuchokera pamenepo, Lamlungu lililonse madzulo, nthabwala ikagwa pa kanema khamu losaoneka linkaseka, ndipo pamwamba pa onse pankamveka kamkonono kaja.

Zaka zonsezo mayiwo sizinkawakhudza, mwinanso ankanyadirako. Chinawononga zinthu ndi Tadikirani.

Tadikirani anali munthu watsopano m'masewero a bamboyo: mmisiri wokonza mawailesi, wachibwibwi, wovala ovolosi yabuluu yong'ambika pabondo, pensulo ili kukhutu. Kasitomala akamufunsa mtengo, ankayamba kuyankha kasitomalayo ali mnyamata, pomaliza n'kuti atamuthira ufa kumutu kuti ndi imvi. Anthu anamukonda koopsa. Tsoka lake, amake mapasa anali ndi mlongo mmodzi yekha, wamng'ono kwa iwo, mmisiri wokonza mawailesi ndi makanema kuseri kwa depoti ya mabasi, wachibwibwi. Ovolosi ya pa kanemayo sinali yongofanana ndi yake. Inali yake yeniyeni, imene anasiya kwa achemwali ake kuti amusokere bondo.

"Kasewero kameneka bwanji simunakayesere m'khichini ngati tinzake?" anafunsa mayiwo.

Bamboyo anati nthawi inachepa. Poona kuti yankholo silinasunthe thupi pakhomo, anakhala pampando n'kuyamba kudandaula. Anawakumbutsa kuti zaka zonsezi wakhala akulemba nthabwala zokomera m'kamwa mwa anzake, iye n'kumapatsidwa mbali ya mlonda wogona, ya wodwala wokutidwa bandeji kumaso, ya mtembo. Mtembo wokha anausewera mpaka anaphunzira kupumira kumsana. Lero ndi pamene nkhope yake yapachikidwa pachikwangwani chachikulu panjira ya kumsika, ndiye akaitsitse yekha? Anzake onse otchuka anakwera pamsana pa munthu: wina pa wotsimphina, wina pa wogontha, wina pa wamfupi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso alamu ndi munthu wamkulu, amadziwa kuti nthabwala ndi nthabwala.

"Ngati amadziwa, bwanji wasiya kubwera Loweruka? Mbale yake ikungodya fumbi."

"Mwina ntchito yamuchulukira. Tikumutsatsira malonda ulere."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo a mapasa. Ine ndatsina."

Atatero anachoka pakhomo. Bamboyo anatuluka mothamanga, nsapato ina akuvalira panja, akuganiza kuti wawina mlandu.

Masana a tsiku lomwelo mayiwo anasiyira mnzawo benchi la mazira n'kupita kudepoti. Kashopu ka mlongo wawo kanali kopanikiza ngati bokosi la machesi, mashelefu odzaza makanema a anthu, ena otsegula kumsana matumbo ali panja, ena okonzedwa kale akuyaka kuti aoneke ngati achiradi. Munkanunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi lotentha. Pakhomo panaunjikana makondakitala ndi oitanira mabasi, ena mano osakwana n'komwe, poti anyani amasekana zikundu. Ankasinthana kumufunsa mmisiri mtengo wa batire, mtengo wa waya, mtengo wa chilichonse, osati kuti agule. Iye sankayankha. Ankangokweza zala, kapena kuloza pakhoma pamene analemba mitengo ndi choko. Woitanira wina anawauza amake mapasa monyadira kuti Tadikirani weniweni ndi ameneyu, kungoti masiku ano wayamba matama, sakuchitanso zaulere.

Mayiwo anamufunsa woitanirayo ngati mano otsalawo akufuna kubwerera nawo kwawo madzulo ano. Pakhomo panayera.

Anamupatsa moni mlongo wawo. Iye anapitiriza kuwotcherera. Anamuuza kuti kasewero kaja iwo sanakaonepo kasanatuluke, kuti kuseka kuli m'menemo n'kwakale, kwa tsiku lina, kwa nthabwala zina, anangokumatapo ngati chigamba. Mmisiri anaika chitsulo chake pansi, n'kuyang'ana wotchi, n'kuyamba kuyenda shelefu ndi shelefu akukweza mawu. Inali nthawi yobwereza pulogalamu ya Lamlungu. Pa kanema aliyense panali mlamu wake ali mu ovolosi yabuluu, khosi litakoka mitsempha, akulimbana ndi liwu limodzi. Ndipo m'kashopu monse, kumanja, kumanzere, pamwamba pa mutu, amake mapasa anadzimva akufa ndi phwete, mpaka kamkonono.

Atazimitsa, mmisiri anayankhula. Mawu ake anabwera monga amabwerera nthawi zonse, limodzilimodzi, ena atakanirira kaye pakhosi, ndipo achemwali ake anadikira poti anazolowera kudikira kuyambira ali ana.

"Alamu ndi mwana wa eni ake. Akhoza kuseka. Koma inu munkagenda ana ondiseka kusukulu. Lero ndikakonza kanema wa munthu, kuti ndidziwe kuti wachira, ndiyenera kumva inuyo. Musabwerenso kuno, achemwali."

Anatolanso chitsulo chake. Amake mapasa anatuluka, ndipo njira yonse yobwerera kumsika sanayankhe moni wa munthu.

Madzulo amenewo analengeza m'nyumba kuti atseka. Bamboyo anafunsa chimene atseka. Anati pakamwa: mpaka Tadikirani atafa n'kuikidwa m'manda, m'nyumba muno simumvekanso phwete lawo.

Bamboyo anaseka yekha, poti mkazi wake ankamudziwa, munthu woseka ngakhale mphaka akaphonya khoswe. M'mawa mwake analowa m'khichini ndi kasewero katsopano ka dokotala woopa magazi. Mayiwo anatsuka mbale, nkhope ili gwa ngati ya pachiphaso. Anabwera ndi ka mphunzitsi woiwala dzina lake lomwe. Mayiwo anamufunsa ngati wamaliza, akufuna akolope pamene waimapo. Masiku otsatira munthu wamkulu anayesa zonse. Anavala diresi la mkazi wake ndi wigi. Anadzigwetsa pampando. Anazemba chakumbuyo kudzawagirigisha m'nthiti, n'kulandira chivundikiro cha poto pachipumi. Mapasa, amene tsopano anali atsikana a sekondale, ankaseka chilichonse, koma kuseka kwa mwana wofuna nsapato zatsopano sikuyeza nthabwala.

Musaganize kuti kwa mayiwo zinali zophweka. Tsiku limene bamboyo anawerama kuti atole pepala, buluku n'kung'ambika kuyambira palamba mpaka pakati, anathamangira kubafa, n'kutsegula mpopi, n'kulowetsa mutu mu ndowa ya zovala zonyowa. Anatuluka maso ali psuu, n'kunena kuti ndi sopo.

Koma mbuna imene anakumbayo anagweramo okha. Bamboyo, posowa sikelo yake, ankapita ku situdiyo ndi timasewero tosayesa, ndipo bwana wa pulogalamu ankatiwerenga n'kumubwezera, ati n'touma ngati buledi wadzana. Bwanayo analamula kuti poti chikuyenda ndi Tadikirani, pulogalamu yonse ikhale ya Tadikirani: Tadikirani kuchipatala, Tadikirani kukhoti, Tadikirani kokafunsira mkazi. Lamlungu lotsatira amake mapasa, amene anali atakhala masiku ambiri osaonetsa dzino, anadzimva akuseka mlongo wawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osapumira.

"Mwaona? Kukwiya kwanu kwangowawonjezera alamu mavuto," anatero bamboyo, osati mokondwa kwenikweni, koma pakamwa sipanamulole kusunga. "Mukanangoseka ka dokotala kaja."

Mayiwo ankaganiza za mawu a akulu oti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwo mlomo anausiya ku situdiyo. M'mawa anavala diresi lawo labwino n'kupita kukautenga.

Ankayembekezera holo yaikulu ya mipando yambirimbiri, poti tsiku loyamba lija anangoona kachipinda ka maikolofoni. Anapeza chipinda chimodzi chotentha ngati uvuni, nyali zikuluzikulu zolendewera, makamera awiri, ndi khoma lamatabwa lopentedwa kuti lizioneka ngati shopu. Makoma enawo anali omatidwa mathireyi a mazira oletsa phokoso, ndipo mayiwo atayandikira anazindikira ena: anali awo, amene akhala akusowa pabenchi chaka chonse iwo n'kumanamizira mnzawo wogulitsa tomato. Mwamuna wawo, ali mu ovolosi ya eni, atawaona anabisala kuseri kwa khoma lonama lija.

Anafunsa kumene kumakhala anthu oseka aja, kuti awauze mawu awiri. Anawalozera kwa mtsikana wina wovala mahedifoni, wolumikiza mawu ndi zithunzi pa kompyuta. Mtsikanayo atamva kuti mayiwa ndi ndani anaimirira mwaulemu ngati waona mwini kampani. Mayiwo anamuuza kuti achotse liwu lawo lokha, enawo aziseka okha ngati alibe abale.

"Enawo ake ati, amayi?"

Anawaveka mahedifoni. Atadina, panamveka abambo a mawu okhuthala akuseka. Mtsikanayo anati amenewo ndi iwo, atawachedwetsa. Atadinanso, panamveka atsikana a timawu tosongoka: ndi iwonso, atawafulumizitsa. Nkhalamba yotsokomola kumapeto ija ndi iwo. Ana aja ndi iwo. Bwana anakana kalekale zoitana anthu, ati amafuna zakumwa ndiponso amaseka polakwika, choncho khamu lonse limene dziko lakhala likumva zaka zonsezi ndi mayi mmodzi wogulitsa mazira.

Amake mapasa anavula mahedifoni pang'onopang'ono. Ndiye kuti amene ankaseka mlongo wawo sanali iwo pakati pa anthu ayi. Anali iwo okha, amuna ndi akazi omwe.

Bwana wa pulogalamu anabwera akupukuta thukuta, munthu wa mafoni awiri, m'manja monse modzaza. Anawamvetsera ndi khutu limodzi, n'kuwauza kuti mawu otuluka m'kamwa m'nyumba ya kampani ndi a kampani, ngati mmene dzira loikira m'khola mwako limakhalira lako ngakhale nkhuku ili ya eni. Anawapempha kuti atuluke, apo ayi akhale chete pakona, chifukwa kukubwera mlendo wamkulu: mwini fakitale ya matiresi, amene amalipirira pulogalamu yonse, ndipo amakonda kujambulitsa yekha uthenga wa malonda ake poti amakhulupirira kuti anthu amagula matiresi chifukwa cha nkhope yake.

Mayiwo anasankha pakona.

Mwini matiresi analowa ndi suti yonyezimira, mimba ikutsogolera njira. Anamuyalira matiresi atsopano pakati pa chipinda, iye n'kugonapo cham'mbali, nsapato zili kuphazi, dzanja litachirikiza mutu ngati mkwatibwi wa pa kalendala. Onse anati zii. Kamera inayaka. Mkuluyo anakweza chala, n'kunena mwamphamvu kuti matiresi ake ndi olimba ngati lonjezo la mwamuna weniweni. Pomwepo pulasitiki yokutira matiresiwo inatulutsa mpweya pansi pake, kaphokoso kakatali, koonda, kokwera kumapeto ngati kakufunsa funso.

Amake mapasa sanachite dala, poyamba. Phwete la masabata onse aja linali litadzaza ngati damu, ndipo linaphulika lonse nthawi imodzi, galimoto, chikweza, kamkonono ndi zonse. Wa kamera mapewa anayamba kugwedezeka, chithunzi n'kumavina. Kuseri kwa khoma lonama kunamveka munthu akubuula ngati wapondedwa. Anayambiranso. Mkuluyo atangokweza chala, galimoto ija inayambanso kulira pakona. Pambuyo pake sankafika n'pokweza chala pomwe.

Mwini matiresi anadzuka. Iyenso ankaonera pulogalamuyo Lamlungu lililonse, ndipo phwetelo ankalidziwa: ndi limene limabwera chitsiru chikamaliza kuyankhula. Anafunsa bwana wa pulogalamu ngati iye amalipira kuti azisekedwa.

Bwanayo anawakokera mayiwo pakhonde akukalipa monong'ona. Apa n'kuti mayiwo atapukuta misozi, nzeru zitabwerera. Anamuuza modekha kuti iwo sanakwiye ndi munthu, kungoti apeza malo osangalatsa. Azibwera tsiku lililonse. Akawatsekera geti aziima pawindo, poti mawu awo safuna maikolofoni. Ndiponso amva kuti bambo wa matiresiyu ali ndi shopu yaikulu m'tauni, kumene amakonda kulalikira kwa makasitomala Loweruka.

"Mukufuna chiyani kwenikweni, mayi?"

"Mlomo wanga. Ndinauiwala kuno."

Bwanayo anayang'ana mayiwo, n'kuyang'ana wanthabwala amene tsopano anali atasuzumira pakhomo, ndipo mkwiyo wake unapeza pogwera. Anakuwira mtsikana wa kompyuta kuti achotse zonse, abambo, atsikana, nkhalamba, ana, asasiye ngakhale kutsokomola, ndipo pulogalamu ya Lamlungu ipite momwemo. Tione, anatero, ngati mwamuna wanuyu amaseketsa yekha.

Lamlungu madzulo anansi anadzaza pabalaza monga mwa masiku onse, ena pamipando, ena pansi, poti kuonera wanthabwala uli naye chipinda chimodzi kumakoma kawiri. Bamboyo anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Tadikirani anaoneka atagwada pamaso pa mkazi amene akumufunsira, chipewa chili m'manja. Anayamba liwu loyamba. Linakana. Anakoka khosi, n'kutsinzina, n'kumenya pansi ndi dzanja. Kenako anaima n'kuyang'ana kamera, monga ankachitira nthawi zonse posiyira malo phwete. Phwete silinabwere. Panangomveka kulira kwa fani ya mu situdiyo, munthu wamkulu ali chigwadire, akudikira.

Mnansi wina anayesa kuseka, koma kuseka kwake kunamveka kwayekha ngati supuni yogwa m'tchalitchi, ndipo anakusandutsa chifuwa. Tadikirani anayambiranso. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana, amene za makanema sankazitsata bwino, anafunsa ngati pamenepo palibe munthu woti amuthandize mwanayu, akuvutikatu. Mnansi mmodzi anakumbukira kuti wasiya madzi pamoto. Wina anati mwana akulira kunyumba, chonsecho ana ake onse anali pomwepo. Pulogalamu isanathe pabalaza panatsala eni nyumba okha, mapasa akuyang'ana zikhadabo zawo.

Bamboyo anaonera mpaka mayina a kumapeto kwa pulogalamu atadutsa. Kenako anazimitsa kanema n'kupita kukagona.

Lolemba anabwerako msanga. Tadikirani anali atafa. Mwini matiresi anaimba foni kuti safuna matiresi ake aziyandikana ndi chisoni chotere, anthu angasowe tulo. Bamboyo anabwezedwa ku tebulo lolembera anzake, ndipo sabata yamawa pali mbali ya mtembo. Chikwangwani cha panjira ya kumsika anali atayamba kale kuchimata nkhope ya wina.

"Mwandiphera ntchito, amake mapasa. Zaka zonse zija."

Mayiwo anafuna kuyankha mwaukali, koma ataona mmene munthuyo anakhalira, mapewa atagwa, anangoti chibale ndi fupa, sichiwola.

"Nanga ukwati ndi chiyani? Chiwindi?"

Phwete linafuna kutuluka, koma mayiwo analimeza. Anamuikira tiyi, n'kuthiramo shuga woposa wa masiku onse.

Loweruka anaphika chakudya chambiri, n'kutsuka mbale ya mlongo wawo, n'kumuikira mpando wake. Mmisiri sanabwere. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. Kudepoti, anamva, oitanira mabasi ankamutchulabe Tadikirani, poti dzina loipa silifa tsiku limodzi ndi mwini wake. Iwo anali atauzidwa kuti asapondeko, ndipo mlongo wawo, ngakhale mawu ankamuvuta kutulutsa, akawatulutsa sankabweza.

Tsiku lina m'mawa, bamboyo akusamba, amake mapasa anazula pulagi, n'kutembenuza kanema wa pabalaza, n'kumasula chivundikiro chakumbuyo ndi mpeni wa buledi. Anasankha waya wofiira wooneka wofunika n'kumudula. Atabwezeretsa zonse m'malo mwake anaitana mwamuna wawo kuti kanema wafa. Bamboyo anadina rimoti, n'kuimenya pantchafu, n'kumenya kanemayo pamutu. Anati aitana mnzake wa zamagetsi wa kuntchito. Mayiwo anati m'banja muno muli mmisiri mmodzi, ndipo kasitomala saletsedwa pashopu. Iwo msana ukuwawa, choncho wonyamula ndi iye.

Bamboyo anawayang'ana, n'kuyang'ana mpeni wa buledi umene unali patebulo popanda buledi. Anakavala chipewa ndi magalasi akuda, n'kusenza kanema.

Kudepoti magalasi sanathandize. Oitanira mabasi anamuzindikira, n'kuyamba kukuwa kuti a Tadikirani awiri akumana, koma ataona amene akubwera kumbuyo kwake anabwerera ku mabasi awo mwakachetechete. Bamboyo anatula kanema pa kauntala n'kuvula chipewa. Anali atakonza mawu njira yonse, ndipo anayamba bwino, za ubale, za kulakwa kwa munthu, koma chizolowezi ndi matenda: pakati pa kupepesa anaponyamo kanthabwala. Palibe anaseka. Anayang'ana kwa mkazi wake, mkazi wake akuyang'ana kudenga.

Mmisiri sanayang'ane aliyense. Anamasula chivundikiro, n'kuunikira ndi tochi, n'kugwira nsonga ziwiri za waya wofiira, zodulidwa bwino ngati za kufakitale. Anazisunga m'zala nthawi yaitali. Kenako anakweza mutu, n'kutsegula pakamwa, liwu n'kukanirira.

Milomo ya wanthabwala inayamba kugwedezeka kuti amumalizire. Chidendene cha amake mapasa chinatera pa chala chake chachikulu n'kukhala pomwepo. Anadikira. Kunja basi ina inadzaza n'kunyamuka. Bamboyo, amene anadyera chibwibwi miyezi yonseyi, aka kanali koyamba kuima n'kuchimvetsera mpaka kumapeto, ndipo thukuta limene linatsika linali lake.

"Alamu," anatero mmisiri pomaliza, "pitani kuntchito. Mtembo usachedwe."

Bamboyo anatola chipewa chake, n'kutuluka akutsimphina. Mmisiri anatembenukira kwa achemwali ake, waya ali m'manja.

"Uyu wadulidwa ndi mpeni."

"Makoswe, achimwene. A masiku ano ndi ophunzira."

"Makoswe a mpeni amavuta." Anapuma, n'kulimbana ndi liwu lina, n'kuligonjetsa. "Ntchitoyi itenga masiku. Muzibwera kudzaona."

Waya woti akanamulumikiza asanamalize n'kunena mawu amenewo anamusiya momwemo. Ananyamula kanemayo n'kumukweza pashelefu ya pamwamba penipeni, kuseri kwa mawailesi amene eni ake anaiwala kalekale. Kenako anakoka kampando pansi pa tebulo, n'kukapukuta ndi mkono wa malaya.

Amake mapasa ananena kuti sakhalitsa, mazira ali okha pamsika. Anakhala pansi, n'kuvula nsapato.